Injini ya Boti Ikamazima Pakati pa Nyanja: Zoyenera Kuyang'ana Banja Likapita Kokagona ku Cape Maclear

Mabanja ambiri amene amapita kukagona m'matenti m'mbali mwa nyanja ya Malawi ku Mangochi, makamaka ku Cape Maclear ndi m'magombe oyandikira Monkey Bay, amafuna kuti tsiku limodzi akwere boti, ana akaone mbuna pa chilumba cha Thumbi, akuluakulu nawo akaponyeko mbedza. Ena amanyamula kainjini kawo m'galimoto n'kukabwereka boti la matabwa kwa anthu a m'mudzi wa Chembe, pamene ena amabwereka boti ndi injini yomwe. Vuto limene limabwera mobwerezabwereza ndi lakuti injini imalira bwinobwino pagombe, koma ikangoyenda mphindi 10 kapena 20 imayamba kutsokomola, kenako n'kuzima, ndipo mukakoka chingwe imakana mpaka mkono kuwawa.

Anthu ambiri zikatero amafulumira kunena kuti injini yafa, ena amayamba kumasula kabuleta (kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya) ali pamadzi pomwepo, tizitsulo n'kumagwera pansi pa boti. Koma injini zing'onozing'ono za two-stroke (zimene petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo) zimene zadzaza m'magombe athu, monga Yamaha Enduro ya mphamvu ya mahosipawa 15 kapena 25, n'zolimba kwambiri, ndipo kawirikawiri chimene chimazizimitsa ndi mafuta, kaya ndi oipa kaya akulephera kufika kumene akufunika. Vutolo nthawi zambiri limakhala kuti linayambira kumsasa, pa chigubu chimene munathiramo petulo dzulo lake. Ndi bwino kufufuza mwadongosolo, kuyambira pa zinthu zosafuna sipanala.

Musanakhudze injini

Gombe la Chembe lili kuseri kwa mapiri, ndipo linayang'ana chakumpoto. Mphepo ya mwera, imene imawomba kuchokera kummwera makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imatchingidwa ndi mapiriwo, moti madzi a pafupi ndi gombe amatha kuoneka abata pamene kutsogoloko kuli mafunde aakulu. Zimenezi zikutanthauza kuti boti lozima injini silikankhidwira kumtunda kumene kuli matenti anu, koma limatengedwa pang'onopang'ono kupita pa nyanja yaikulu, ndipo munthu amene waweramira injini sazindikira msanga kuti chilumba chimene chinali pambali pake tsopano chili kumbuyo. Choncho wina aliyense wamkulu m'botimo akhale ndi ntchito yoyang'ana kumene boti likupita.

Ana akhale pansi pakati pa boti atavala majekete oyandamitsa, amene anayenera kuvala asanakwere n'komwe. Ngati pamalopo ndi posaya, ponyani nangula. Pafupi ndi zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo madzi amazama mofulumira kwambiri, ndipo chingwe cha nangula chikhoza kulephera kufika pansi. Zikatero mangani ndowa pa chingwe chachitali, muimangirire kutsogolo kwa boti n'kuiponya m'madzi. Ndowayo imachepetsa liwiro limene mphepo ikukankhira boti, ndiponso imachititsa kuti mutu wa boti uziyang'anizana ndi mafunde m'malo moti mafundewo azimenya m'mbali. Ngati kumtunda kapena chilumba chili pafupi moti mungafike ndi nkhafi, palasani kaye, injiniyo mukaione boti litakhazikika.

Pali tinthu titatu timene timachititsa manyazi chifukwa cha kuphweka kwake. Koyamba ndi kachingwe kofiira kozimitsira injini: kapulasitiki kake kakangosomphoka pang'ono, mwina mwana atakakoka posewera, injini singalire ngakhale mutakoka chingwe tsiku lonse. Kachiwiri ndi giya, chifukwa injini zambiri zimamanga chingwe cholizira ngati giya sili pa neutral. Kachitatu ndi chogwirira cha moto, chopotokola powonjezera kapena kuchepetsa liwiro, chimene chiyenera kukhala pa chizindikiro choyambira.

Njira ya mafuta, kuchokera ku thanki

Pa chivindikiro cha thanki pali kasikuluwu kolowetsa mpweya. Pa ulendo wa pagalimoto kamatsekedwa kuti petulo asatayike, makamaka pa msewu wokhotakhota wa makilomita pafupifupi 18 wochokera pa mphambano ya msewu wa Monkey Bay kukafika ku Chembe, ndipo anthu amaiwala kukatsegula akafika. Injini imayamba bwino chifukwa m'kabuleta ndi m'paipi muli mafuta, koma ikamakoka petulo popanda mpweya wolowa m'malo mwake, m'thanki mumatsala mphamvu yokokera m'kati, mpaka pampu imalephera. Zizindikiro zake n'zosabisika: mbali za thanki ya pulasitiki zimalowa m'kati, kampira kopopera mafuta, kamene kali pa paipi yochokera ku thanki, kamaphwa n'kukhala kophwatalala, ndipo mukamasula kasikuluwuko mumamva mpweya ukulowa. Ngati injini yanu imazima nthawi zonse ikayenda mphindi zofanana, yambirani pamenepa.

Kenako gwirani paipi yonse kuchokera ku thanki mpaka ku injini. Onetsetsani kuti mbali zonse ziwiri zalowa mpaka kumveka kuti zagwira, ndiponso kuti thanki, ndowa ya nsomba kapena phazi la munthu silinapinde paipiyo. Pa kampira kopopera pali muvi, ndipo muviwo uyenera kuloza ku injini. Kanyamuleni muvi utaloza m'mwamba, mukafinye mpaka kalimbe. Ngati kakukana kulimba ngakhale thanki ili ndi mafuta, ndiye kuti penapake pakulowa mpweya, ndipo nthawi zambiri ndi pamene paipi yakumana ndi chitsulo cholumikizira, chifukwa dzuwa la ku Mangochi limaumitsa mpira mpaka kung'aluka. Mukhoza kudula kachigawo kong'alukako ndi mpeni n'kulowetsanso paipi, n'kumanga ndi waya. Ngati injini ikulira pokhapokha wina akamafinya kampirako, mpweya ukulowabe kapena pampu ya mafuta yatha. Mungathe kubwerera kugombe wina akufinya pang'onopang'ono njira yonse, koma tsiku limenelo ulendo wa kuzilumba wathera pomwepo.

Tsopano tifike pa petulo weniweniyo, amene ndi gwero la mavuto ochuluka kuposa china chilichonse. Petulo wogulitsidwa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982, ndipo masiku ano amapangidwanso ku Chikwawa. M'galimoto zimenezi sizivuta kwenikweni, chifukwa mafuta sakhalitsa ndipo thanki yake ndi yotsekeka bwino. Koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo thanki ya boti imakhala pamalo a chinyezi, imawazidwa ndi mafunde, imatentha masana n'kuzizira usiku, ndipo ikamatero imapuma kudzera pa kabowo ka mpweya kaja. Madzi akachuluka kupitirira amene petulo angathe kusunga, amagwirana ndi ethanol n'kutsikira pansi pa thanki, pamene pali kukamwa kwa paipi yokoka mafuta. Injini imayamba yamwa madziwo isanamwe petulo.

Palinso nkhani ya kumene petuloyo wagulidwa. Pa nthawi imene mafuta akusowa m'malo omwetsera, apaulendo ambiri amagula wa m'zigubu ndi m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo sikuti onse ogulitsa ndi achinyengo, koma zigubuzo zimakhala zitasungapo madzi kapena mafuta ophikira, ndipo ena amathirako parafini kuti achuluke. Ine zinandionekera chaka china mu Julaye, nditagula malita 10 kwa mnyamata wina panjira chifukwa ndinaopa kufika usiku. M'mawa mwake injini inazima tili pakati pa gombe ndi Thumbi, ndili ndi mayi a kunyumba ndi ana awiri, ndipo ndinasintha mapulagi kawiri popanda chosintha. Msodzi wina wachikulire amene ankabwerera pa bwato lake anaima n'kunena kuti, "Bambo, injiniyo ilibe mlandu, tathirani mafutawo pang'ono m'botolo tione." Titathira m'botolo loyera n'kudikira pang'ono, pansi pake panakhazikika madzi otuwa okwana ngati zala ziwiri.

Kuyesa kumeneku ndi kumene muyenera kuchita muli kumsasa musananyamuke. Thirani petulo wochokera pansi pa chigubu m'botolo loyera ndi louma, mulikhazike mphindi zingapo. Petulo wabwino amaoneka mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ngati pali mzere wolekanitsa zigawo ziwiri, kapena ngati ndi wa chifunga, musamuthire m'thanki. Musaganize kuti mukangotaya madzi a pansiwo wotsalayo ndi wabwino, chifukwa ethanol amene wachokamo uja ndi amene amathandiza kuti petulo apse bwino, ndipo wotsalayo amagogodetsa injini. Parafini amadziwika ndi fungo, ndiponso mukadonthezera pa pepala amasiya banga la mafuta pamene petulo wosasakaniza amauma msanga. Yesani zimenezi musanathiremo oyilo, chifukwa oyilo nayenso amasiya banga.

Ngati madziwo alowa kale ndipo muli pamadzi, chotsani chivindikiro cha injini mosamala, muchiike m'kati mwa boti. M'mbali mwa injini muli kachikho ka fyuluta ya mafuta, ndipo pa injini zambiri kamaonetsa za m'kati, moti madzi ndi mchenga zimaoneka pansi pake. Kamasuleni, mukhuthulire m'chitini osati m'nyanja, ndipo musataye kampira kozungulira kamene kamatseka pakamwa pake. Pansi pa kabuleta palinso kasikuluwu kotulutsira mafuta. Kamasuleni pang'ono chabe, muike nsanza pansi pake, mufinye kampira kopopera mpaka patuluke petulo woyera, kenako mumange. Pendeketsani thanki kuti madzi otsala asonkhane kumbali yotalikirana ndi kukamwa kwa paipi. Apa ndi pamene munthu wa pamadzi ayenera kulekezera. Kumasula kabuleta yonse kuti muyeretse timabowo take ndi ntchito ya pa mkeka kumtunda, chifukwa muli tizitsulo tochepa ngati njere ya mpunga.

Choki, mapulagi ndi oyilo

Choki, chimene chimachepetsa mpweya wolowa m'kabuleta kuti mafuta alowe ambiri, ndi cha injini yozizira, m'mawa poyamba penipeni. Injini imene yangozima kumene ikadali yotentha sifuna choki, koma munthu wamantha amachikoka n'kumakoka chingwe kambirimbiri, ndipo zotsatira zake n'zakuti mafuta amadzaza m'kati mpaka pulagi kunyowa. Mukamva fungo lamphamvu la petulo, bwezani choki m'malo mwake, chotsani paipi ya mafuta ku injini, tsegulani moto mpaka pamene neutral ikulolera, ndipo mukoke chingwe kangapo mwamphamvu. Ikalira, chepetsani moto nthawi yomweyo n'kubwezera paipi. Ikakana, isiyeni mphindi 10 ipume.

Mapulagi amakuuzani zimene zikuchitika m'kati mwa injini. Nsonga yofiirira ngati tiyi wamkaka ndi chizindikiro chakuti zonse zili bwino. Yakuda ndi yonyowa ndi oyilo imasonyeza kuti oyilo wachuluka m'petulo kapena injini yayenda nthawi yaitali pa moto wochepa, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri kwa anthu oweza, amene amakoka mbedza kumbuyo kwa boti pang'onopang'ono kufunafuna ncheni kwa ola lathunthu. Injini ya two-stroke sikonda kuyenda motero, choncho pakapita kanthawi kwezani zingwe za mbedza, muipatse moto kwa mphindi ziwiri kapena zitatu kuti ipsereze mwaye. Nsonga yoyera ngati phulusa ndi yoopsa kuposa yakuda, chifukwa imasonyeza kutentha kopitirira muyeso kapena kuchepa kwa mafuta. Timadontho ta madzi pa pulagi tikubwezerani ku nkhani ya thanki ija. Khalani ndi mapulagi awiri atsopano a nambala yofanana ndi imene ili pa akalewo, pamodzi ndi sipanala yake, mu kachitini kotseka bwino. Poyesa ngati pulagi ikuthetheka moto, gunditsani chitsulo cha pulagi pa thupi la injini kutali ndi bowo lake, mutapukuta petulo yense wotayika, ndipo musachite zimenezi thanki ili yotsegula pafupi.

Pa kasakanizidwe ka oyilo anthu amalakwitsa mbali zonse ziwiri. Injini zambiri za mtundu umenewu zimafuna gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo, kutanthauza mamililita 100 pa malita 5, mamililita 200 pa malita 10, ndi theka la lita pa malita 25, ngakhale ndi bwino kutsata zimene zalembedwa pa injini yanuyo kapena m'kabuku kake. Kuyeza ndi maso kapena ndi chitsekero cha botolo ndi kumene kumadetsa mapulagi. Kuchepetsa oyilo pofuna kupulumutsa ndalama kumaumitsa pisitoni, ndipo injini yotero imazima mwadzidzidzi, chingwe n'kukanika kukokeka. Oyilo wake akhale wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Mukabwereka boti, funsani mwini wake momveka bwino ngati petulo amene ali m'thanki ndi wosakaniza kale, chifukwa zimachitika kuti mwini wathira oyilo, wobwereka n'kuthiranso. Amene muli ndi injini ya four-stroke simusakaniza oyilo, koma samalani mbali imene mwaigonekera m'galimoto. Ikagona mbali yolakwika oyilo amalowa mu silinda, ndipo mukafika chingwe chimalimba kapena injini imafuka utsi woyera wambiri. Zikatero chotsani mapulagi, mukoke chingwe kangapo kuti oyiloyo atuluke, kenako muone mlingo wake musanailize.

Madzi oziziritsa ndi pulopela

Injini ikalira, yang'anani kumbuyo kwake ngati ikukodza, monga amanenera asodzi, kutanthauza kamtsinje ka madzi kamene kamatuluka pansi pa chivindikiro. Kakasiya, zimitsani nthawi yomweyo. Kawirikawiri ndi jumbo kapena udzu wa m'madzi umene wamatira pa timabowo tolowera madzi kumunsi kwa mwendo wa injini, ndipo mukaikweza n'kuchotsa, vuto latha. Nthawi zina kabowo kotulukira kokhako ndi kamene katsekeka ndi mchenga kapena ndi dothi la tizilombo tomanga zisa pa injini imene yakhalitsa m'nyumba, ndipo kachidutswa ka twaini wa mbedza wokhuthala kamatsegula. Ngati madzi sakutulukabe, kampira kopopa madzi ka m'kati mwa mwendo, kotchedwa impeller, katha. Kameneka kamaonongeka msanga injini ikalizidwa kumtunda popanda madzi, ngakhale kwa kanthawi kochepa kongofuna kusonyeza ana kuti ikugwira ntchito, ndiponso ikalizidwa pa madzi osaya pamene imakoka mchenga. Kankhirani boti mpaka madzi afike m'chiuno musanatsitse injini.

Injini ikazima mwadzidzidzi ngati yagwidwa pakhosi, ndipo ikulira pa neutral koma n'kumazima mukangolowetsa giya, yang'anani pulopela. M'madera amenewa muli maukonde ambiri otcheredwa, ndipo zizindikiro zake nthawi zina ndi kabotolo kapena kachidutswa ka nkhwaira kamene munthu wachilendo sangakaone. Chotsani kachingwe kofiira kaja musanaike dzanja pa pulopela. Yesetsani kumasula ukonde m'malo moudula, chifukwa ndi chuma cha munthu, ndipo mukaudula kanenani kwa eni boti kapena kwa a komiti ya pagombe kuti nkhaniyo ikambidwe mwaulemu. Twaini wa mbedza zanu zomwe ndi woipa kwambiri, popeza amalowa kuseri kwa pulopela kumene saoneka, n'kudula kampira kotchinga oyilo wa magiya. Oyiloyo akaoneka ngati mkaka, madzi alowa. Koma ngati injini ikukuwa kwambiri boti osayenda, ndiye kuti kapini ka pulopela kaduka pa injini zing'onozing'ono zimene zili nako, kapena mpira wa pakati pa pulopela waterereka pambuyo pogunda mwala. Pa vuto lachiwirili boti limathabe kuyenda pa moto wochepa kwambiri.

Mafuta akhozanso kungotha. Injini ya two-stroke ya mphamvu ya 15 imamwa pafupifupi malita 7 pa ola ikatsegulidwa moto wonse, ndipo ulendo wobwerera ku Chembe kuchokera ku Mumbo nthawi ya mwera ndi wolimbana ndi mphepo, boti litalemedwa ndi banja lonse. Gawani mafuta patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwererera, lachitatu losakhudza. Kumbukiraninso kuti nyanja ya mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa mapiri ndi zilumba za m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ndi yoletsedwa kuphamo nsomba. Oweza amayenera kutalikira, kumene kuli kozama ndiponso kopanda chotchinga mphepo, choncho mafuta owerengera ulendo wokaona mbuna okha sakwanira ulendo wokaweza.

Zimene mumachita madzulo kumsasa ndi zimene zimateteza ulendo wa mawa. Tulutsani thanki m'boti, mutseke kasikuluwu ka mpweya kuti chinyezi cha usiku chisalowe, muiike pamthunzi wa mtengo kutali ndi moto wophikira ndiponso kutali ndi matenti amene mukugona ana. Thanki yodzaza imakoka chinyezi chochepa kuyerekeza ndi ya theka. Pothira mafuta gwiritsani ntchito fanelo yokhala ndi kansalu koyera, ndipo musaike paipi pamchenga. Zida ndi mapulagi zikhale m'bokosi lotseka, chifukwa anyani ndi apusi a m'nkhalango ya kumeneko amatola chilichonse chokulungidwa m'jumbo poganiza kuti ndi chakudya. Nyamukani m'mamawa, mutauza wina wa pamsasa kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, foni ili m'kathumba kosalowa madzi. Tsiku lomaliza, chotsani paipi ya mafuta injini ikulira m'madzi, muisiye mpaka izime yokha, kuti m'kabuleta musatsale petulo woti aume n'kutseka timabowo pa miyezi imene injiniyo ikhale m'nyumba.

Pali mavuto ena amene si a pagombe. Ngati mapulagi atsopano sakuonetsa moto pamene kachingwe kofiira kali m'malo, ngati chingwe chikukokeka mopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, kapena ngati mukumva zitsulo zikugogoda, pitani nayo kwa amakaniko a injini za maboti, amene amapezeka ku Monkey Bay ndi m'magombe akuluakulu a asodzi. Injini imene yagwera m'madzi, monga zimachitikira zomangira zake zikamasuka pa thabwa lakumbuyo popanda chingwe chotetezera, isagonekedwe kudikira kuti mukaikonzetse mukabwerera kumudzi. Chotsani mapulagi, muizondotse kuti madzi atuluke, mukhuthule kabuleta, muthire oyilo pang'ono m'mabowo a mapulagi n'kuzungulitsa injini ndi dzanja pang'onopang'ono. Ngati mukumva mchenga ukukhukhuza, lekani kuzungulitsa, ndipo makaniko aione tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire mabering'i.